Yomira Siifera M'madzi

Namondwe atachoka ku Chauvin
maboti ena tinawapeza m'mitengo,
lina pakhonde la tchalitchi, litagona chammbali
ngati chidakwa choiwala njira ya kwawo.
A inshuwalansi anabwera ndi choko chofiira
n'kulemba nambala pamphumi pa lililonse.
Langa linali 47.
Madola mazana asanu ndi limodzi,
osabweza, osadandaula,
ukokere wekha.

Bambo anga, a Telesphore Verdin, ankati:
Odile, injini yomira siifera m'madzi.
Pansi paja imangogona.
Choipha ndi mpweya.
Ukaivuula n'kupita kaye kukamwa khofi,
pobwera upeza dzimbiri layala kale mphasa.

N'chifukwa chake nditaizula m'matope amchere
ndinaimizanso mumgolo wa madzi a pampopi.
Odutsa pamsewu ankaseka:
mayiyu mutu sukuyenda,
wagula chomira kuti achimizenso.

Loweruka kusanache ndaikweza pachitsulo.
Mapulagi kunja.
Ndikapukusa ndi dzanja ikulavula zakuda,
mchenga, kachidutswa ka bango,
kankhanu kakufa kosaposa chikhadabo.
Oyilo wasanduka chambiko.
Thira dizilo, tsukuluza, khuthula.
Thiranso.
Kabuleta ndamuyala pathaulo lakale,
tizitsulo m'ndondomeko yake,
kuti pobwezera ndisasochere.
Mawaya abiriwira mpaka mkati, palibe chonyengerera, ndadula.
Bawuti imodzi yakana.
Ndaipempha ndi mafuta, ndaiopseza ndi moto,
ndaitukwana m'Chifalansa cha bambo chija,
ndipo yamva.

Dzuwa lili paliwombo
pageti paima mkulu wina, chipewa kumanja,
nsapato zoyera za raba zosaonanso madzi.
Ulysse Dardar, anatero.
Limenelo linali langa.

Ndinapisa m'thumba kufuna lisiti.
Anapukusa mutu. Sanabwerere milandu.

Nyumba inapita, anatero, yatsala mizati.
Pano ndili ku Houma, kwa mwana wanga,
chipinda chili ndi makina oziziritsa, bedi labwino.
Usiku uja ndinanyamula anthu asanu ndi awiri pabotili,
ndi galu wa eni ake,
madzi ali m'khosi, ine osanjenjemera n'komwe.
Koma kuno kouma, mayi,
supuni ikundilemera.

Sindinayankhe.
Ndimadziwa zitsulo.
Ndinamupatsa sipanala ya 10 kuti agwirizire.

Titamanga zonse, petulo watsopano ali mupaipi,
mchira wa injini uli mumgolo,
ndinakoka chingwe. Zii.
Kachiwiri, zii.
Kachisanu phewa layamba kudandaula.
Tchoko musakoke yense, anatero chapansipansi,
imadana nazo. Theka lokha.
Ndiye mukoke ngati simukuifuna.

Ndinakoka ngati sindikuifuna.

Inatsokomola.
Inatsamwa, n'kuganiza kaye,
kenaka utsi wabuluu tolo! mpaka kudenga la malata,
mgolo kubwata, agalu a kwa Pellegrin kuuwa,
kamadzi kaja n'kuyamba kuthamanga kumbuyo,
kowongoka ngati ulusi.

Mkulu uja anaika chikhatho pachivindikiro
monga mmene umayezera mwana kutentha thupi.

Ndidzaligulitsa botili. Ndiyo ntchito yanga.
Pali mnyamata wa ku Dulac wafunsa kale kawiri,
ndipo ngongole ya magetsi siidziwa namondwe.
Iye akudziwa zimenezo, sanafunse mtengo.
Anangoti, musaizimitse kaye.

Sindikanaizimitsa.
Yomira iyenera kulira ola lathunthu,
itenthe mpaka chinyontho chonse chituluke
m'malo amene dzanja silifika.
Ndinakoka ndowa ziwiri, n'kuzivundikira pansi.
Tinakhala mu utsimo,
osamvana ngakhale tikanayankhula,
sipanala ija akadali nayo kumanja.